PA MPHALA: Njinga yakale isapite pa sikelo

Lero ndifuna kuti ticeze za cinthu cimene ciri m'nyumba zambiri kuno Kum'mawa, copacikidwa kudenga kapena cotsamira kuseri kwa nkhokwe, codzala fumbi ndi ukonde wa kangaude. Ndinena za njinga yakale imene mwini wake analeka kuipalasa, mwinanso mwini wakeyo anatisiya kale.

Mwezi wa Julaye ndinapita kumudzi kwathu m'boma la Katete kukazonda amai amasiye, akazi a malemu amalume anga. Tsiku laciwiri, dzuwa liri pamutu, inafika lole ya anyamata ogula zitsulo zakutha. Anapacika sikelo yao pa nthambi ya mango pakati pa mudzi, ndipo anthu anayamba kubwera ndi makasu akutha, miphika yobooka ndi zidutswa za mapulawo. Pamene ndinali kuonerera malondawo, ndinaona msuweni wanga, mwana wotsiriza wa amalume, alikubwera atasenza njinga pa phewa.

Ndinaizindikira msanga. Inali njinga yoyera ya mpikisano, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, imene amalume anagula ku Kitwe m'caka ca 1978 kwa mzungu wina wa pa mgodi amene anali kubwerera kwao. Pa ubwana wathu tinali kuletsedwa ngakhale kuikhudza. Amalume atapuma pa nchito nabwerera kumudzi, matayala ake oonda aja anatha, ena ofanana nao sanapezeke, ndipo njingayo inakwera kudenga kumene inakhala zaka zoposa 30.

Mnyamata wa sikelo anaikoleka nagwedeza mutu. "Iyi njopepuka, akulu. Makilo 11 cabe." Ndalama zimene anachula sizikanakwana kugulira ngakhale nkhuku imodzi. Mnyamatayo sanali kunama, pakuti nchito yake ndi kugula citsulo pa kilo. Cimene sanadziwe ndi cakuti kupepuka kumene kunagwetsa mtengo wa njingayo pa sikelo yake ndiko kumene kumaukweza kwa anthu odziwa njinga.

Ndinafunsa msuweni wanga kuti, "Kodi amai adziwa zimenezi?" Iye anangoyang'ana pansi. Tinabwerera nayo kunyumba, ndipo amai atamva anagwira pakamwa nanena kwa mwana waoyo, "Atate ako anali kuipukuta njinga iyi Lamulungu liri lonse asanapite ku chalichi. Iwe lero uiyesa khasu lakutha?" Madzulo a tsikulo tinakhala pansi monga banja, ndipo anandilola kuti ndiitengere ku Chipata kuti ndikaone ngati ingathe kuyendanso.

CIFUKWA NINJI ENA AZIFUNA

Nditapukuta fumbi, pa mphumi pa njingayo panaoneka cizindikiro ca mkango ndi dzina lakuti Peugeot, lomwe lija tinazolowera kuliona pa magalimoto a 404 ndi 504. Kampani imeneyi ya ku France inayamba kupanga njinga m'caka ca 1882, isanayambe zamagalimoto, ndipo Bernard Thévenet anapambana mpikisano waukulu wa Tour de France m'zaka za 1975 ndi 1977 ali pa njinga ya Peugeot. Pa cipaipi ca pansi pa cishalo panali kapepala komatidwa, kofufuma koma kowerengeka, ka manambala 531. Manambala amenewa ndi dzina la mtundu wa mapaipi a citsulo amene kampani ya Reynolds ya ku Birmingham, ku Mangalande, inayamba kupanga m'caka ca 1935. Mapaipi abwino a mtunduwu ndi ocindikala kumapeto, kumene kuli mfundo, koma pakati ndi opyapyala kosafika milimita imodzi. Ndico cifukwa cake njinga yotere munthu atha kuinyamula ndi zala ziwiri.

Njinga za mpikisano za masiku amenewo zinali kupangidwa mwa njira imodzi kwa zaka zambiri: felemu ya citsulo yolumikizidwa ndi mkuwa wosungunula, timitengo tosinthira magiya tiri pa cipaipi ca pansi, ndi mapedulo okhala ndi kakhola ndi lamba womangira phazi. Koma m'caka ca 1984 kampani ya Shimano ya ku Japan inatulutsa magiya olowa okha m'malo mwake ndi kulira kwakuti kha, ndipo caka comweco kampani ya Look ya ku France inatulutsa mapedulo ogwira nsapato popanda lamba. Pambuyo pake mafelemu a aluminiyamu ndi a kaboni analanda malo a citsulo. Mafakitale analeka kupanga zitsulo zambiri za mtundu wakale, ndipo inu mudziwa kuti cinthu cikaleka kupangidwa, cotsalaco cimayamba kufunidwa.

Kumaiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu ambiri amene amasonkhanitsa njinga zoterezi, kuzikonza kuti zibwerere monga zinatulukira m'sitolo, ndi kugulitsana zitsulo zake. Ku Italy, pa mudzi wa Gaiole in Chianti, mkulu wina dzina lake Giancarlo Brocci anayambitsa m'caka ca 1997 ulendo wa njinga zakale wochedwa L'Eroica. Caka coyamba analipo anthu 92 okha, koma tsopano amapita zikwi mwezi wa Okutobala uli wonse. Lamulo lao likuti njinga ikhale ya m'caka ca 1987 kapena m'mbuyo mwake, kapena yopangidwa mwa maonekedwe a nthawi imeneyo, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo iri m'miseu ya fumbi yonga yathu yomweyi ya kumidzi. Ulendo wa dzina lomweli wacitikaponso ku Montagu, ku South Africa. Tsono munthu wofuna kukhala nao pa ulendo wotere, njinga yake itasowa kacitsulo kamodzi ka mu 1975, amakafunafuna kumene kuli konse.

Zitsulo zofunidwa kwambiri ndi za kampani ya Campagnolo, imene Tullio Campagnolo anakhazikitsa ku Vicenza m'caka ca 1933. Iye ndiye anapanga kacitsulo kaja kocotsera wilo ndi dzanja popanda sipanala. Zinanso ndi mabuleki a Mafac ndi magiya a Simplex a ku France, ndiponso zishalo za cikopa za Brooks za ku Mangalande. Zina mwa izi ziri m'midzi mwathu, zosiyidwa ndi anthu a pa migodi, ansembe ndi aphunzitsi a kale, ndipo zina zimalowa m'dziko muno pakati pa njinga za salaula.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Tsono ndiulule kupusa kwanga, kuti wina asagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Pakati pa njinga yakale yotere, pamene pazungulira ekiselo ya mapedulo, pali makapu awiri a citsulo, ina kumanja ina kumanzere, ndipo mkati mwake muli timipira ta citsulo, maberingi aja. Makapuwo amalowa mu felemu ndi mazinga, ndiyo mizere yozungulira yonga ya pa bauti. Pa njinga ya amalume mapedulo anali olimba, ndipo pozungulitsa anali kumveka ngati mphero ya mcenga. Ndinamasula kapu ya kumanzere, ndinaona girisi wakuda wouma, ndipo osaganiza kawiri ndinapita kukagula kapu yatsopano. Nditafika nayo kunyumba inalowa bwino mizere itatu, kenaka inayamba kulimba. M'malo moima, ndinatenga sipanala yaikulu nkuikanikiza. Pamene ndinaona timapalapala ta citsulo tikugwa pansi, ndipo pamene thukuta linandituluka.

M'mawa mwake ndinaikankha njingayo kupita nayo kwa mdala wina amene wakhala akukonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa Kapata kuyambira masiku amene fakitale ya Luangwa Industries inali kutulutsa njinga za Eagle m'tauni muno. Anaiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, nalowetsa cala m'mazingamo. Kenaka anati, "Bambo, citsulo cikakana, ciri ndi mau amene cifuna kukuuzani. Inu munacitseka pakamwa ndi sipanala."

Zimene anandifotokozera, ndipo ndinazitsimikiza pambuyo pake, ndi izi. Maiko opanga njinga sanali kugwirizana pa miyeso ya mazinga. Kapu ya Cingelezi, imene iri m'masitolo athu, kukula kwake ndi mainchi 1.37, ndiwo mamilimita 34.8, ndipo iri ndi mizere 24 pa inchi imodzi. Ya Cifalansa ndi ya mamilimita 35, mzere uli wonse utalikirana ndi unzake milimita imodzi. Ya Citaliyana ndi ya mamilimita 36. Kusiyana kwa Yacingelezi ndi Yacifalansa nkocepa kotero kuti diso silikuona, ndipo ndico cifukwa cake kapu yolakwika imalowa mizere ingapo isanayambe kudya felemu. Palinso msampha wina: pa njinga ya Cingelezi kapu ya kumbali ya cheni iri ndi mazinga obwerera, imamasuka mukaizungulitsira kumene bauti wamba amamangira, pamene pa Yacifalansa ndi Yacitaliyana makapu onse awiri amayenda ngati bauti wamba. Ndipo njinga zakale za Raleigh zopangidwa ku Nottingham zinali ndi muyeso wao wao wa mizere 26 pa inchi.

Mdalayo anakoka citini cacikulu ca penti pansi pa benci lake. Munali makapu, makoni, manati ndi makotapini a zaka zambirimbiri, zina zomangidwa m'tinsanza. Anafufuza mpaka anapeza kapu yakutha ya Cifalansa imene anaicotsa pa njinga ya wansembe wina kalekale. Anaisema timipata titatu ndi tupa, naipaka mafuta, nayamba kuilowetsa pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka mazinga amene ndinapotoza anaongoka. Mwai wanga unali wakuti ndinaononga mizere ya pakamwa yokha. Kapu ya amalume imene ndinafuna kutaya anaitsuka ndi parafini, ndipo inapezeka kuti inali yosalala bwino lomwe. Cimene cinali kufunika ndi girisi watsopano ndi timipira 11 mbali iri yonse, ta kota ya inchi.

Ndinayang'ana citini cija ndi ulemu. Azungu amene amasunga zitsulo zakale m'makabati a galasi ali ndi dzina lao, koma okonza njinga athu a pansi pa mitengo anayamba kale nchito imeneyi, m'zaka zija zimene m'masitolo munalibe kanthu ndipo munthu sanali kutaya ngakhale nati imodzi.

YESANI MUSANAGULE

Phunziro loyamba tsono ndi lakuti musanagule citsulo ciri conse ca njinga yakale, tengani cakaleco m'thumba kuti mukaciyerekeze, ndipo ngati nkutheka ciyeseni ndi coyesera ca amakaniko. Citsulo coyenera cimalowa ndi zala zokha mizere yambiri. Sipanala ndi yomalizira cabe.

Pa matayala ndi pamene ambiri amataya ndalama. Njinga zathu zakuda zonyamula katundu zimavala tayala la 28 x 1½, limene limu yake ndi ya mamilimita 635. Njinga zambiri za mpikisano za Cingelezi za kale zinali za 27 x 1¼, ndiyo mamilimita 630. Za ku France ndi ku Italy, pamodzi ndi za masiku ano, ndi za muyeso wochedwa 700C, ndiwo mamilimita 622. Cosokoneza ndi cakuti matayala ena a 622 amalembedwanso 28 pambali pake. Cotero musakhulupirire 27 kapena 28. Funani pa tayalapo manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 25-622 kapena 32-630. Nambala yotsiriza ndiyo inena zoona za limu. Tayala la 630 pa limu ya 622 lidzavuka muli pa liwiro, ndipo la 622 pa limu ya 630 silidzalowa ngakhale mutaitana anyamata anai.

Momwemonso cipaipi cogwira mahandulo: ca Cifalansa ndi ca mamilimita 22.0, ca maiko ena ndi 22.2. Mapedulo a Cifalansa cakale ali ndi mazinga ao osiyana pang'ono ndi a m'masitolo athu. Makotapini a Cingelezi ndi a mamilimita 9.5, pamene a Cifalansa ambiri ndi a 9. Ndipo kumbukirani kuti pa njinga iri yonse pedulo ya kumanzere iri ndi mazinga obwerera.

KUKONZA KOSAONONGA

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Njinga imene yagona zaka 30 siifuna kudzutsidwa ndi nyundo. Thirani mafuta opyapyala pa manati onse, muisiye masiku awiri kapena atatu, ndipo pomasula ikani zitsulo za malo amodzi m'citini cao cao. Amene muli ndi lamya yojambula, jambulani mbali zonse musanamasule, cifukwa mutu umaiwala kumene kawashala kanacokera.

Yambani ndi kuona ngati felemu iri yamoyo. Yendetsani cala pansi pa mapaipi awiri amene alumikizana ndi mphumi ya njinga. Mukamva kakhwinya kapena kotupa, ndiye kuti njingayo inagundapo cinthu ndi kutsogolo, ndipo foloko yake iyenera kuti inabwerera m'mbuyo. Yesani kukweza ndi kutsitsa cipaipi ca cishalo ndi ca mahandulo, pakuti aluminiyamu ikakhalitsa m'citsulo popanda girisi imamatirira kotero kuti nthawi zina siicoka konse. Dzimbiri la pamwamba limacoka ndi parafini ndi waya wofewa wotsukira miphika, koma limene ladya citsulo mpaka kucita timabowo ndi cizindikiro cakuti felemuyo yatha.

Cinthu cacikulu cimene ndipempha ndi ici: musathamangire kupenta. Ife timakonda cinthu conyezimira, ndipo munthu akapeza njinga yakale amaganiza msanga za kacitini ka penti wakuda. Koma penti wa ku fakitale, ngakhale wokalikakalika, pamodzi ndi timapepala tomatidwa ndi cizindikiro ca pa mphumi, ndiwo umboni wa dzina, mtundu ndi zaka za njingayo. Mukaufafaniza mwacotsa citupa cake, ndipo wodziwa njinga adzaitsitsa mtengo. Tsukani ndi madzi a sopo, pukutani, pakani polishi wa galimoto, basi.

Musapite nayo felemu yopyapyala kwa woocherera ndi magetsi amene amalumikiza mawindo ndi zitseko. Moto wake uboola paipi yotere ngati pepala. Mafelemu amenewa amalumikizidwa ndi mkuwa pa moto wa gasi, ndipo afuna munthu wodziwa nchitoyo.

Cishalo ca cikopa musaciviike mu oilo wa galimoto, pakuti cidzafewa nkutambasuka osabwereranso. Pakani mafuta a zikopa pang'ono, makamaka kunsi kwake, ndipo nati ya pansi pa mphuno yake musaimange kwambiri, cikopa couma cingang'ambike. Mvula ikamagwa civundikireni.

Komatu pali zinthu zimene ukalamba wake ulibe ulemu, cifukwa zigwira moyo wa munthu. Matayala, machubu, mphira za mabuleki ndi mawaya ake zisinthidwe zonse, ngakhale zioneke bwino. Zitsulo za aluminiyamu, makamaka mikono ya mapedulo, mahandulo ndi cipaipi cake, zipukutidwe ndi kuyang'anidwa padzuwa. Kamzere kakang'ono ngati tsitsi ndi mng'alu, ndipo aluminiyamu imathyoka mwadzidzidzi osapindika poyamba. Citsulo cotere ciyenera kupacikidwa pa khoma, cisabwerere pa mseu. Dziwaninso kuti malimu a citsulo conyezimira sagwira bwino mabuleki akanyowa, tsono pa mvula potsika phiri yambani kugwira mabuleki mtunda ukalipo.

MALONDA OONA

Tsopano za kugula ndi kugulitsa. Ndiyambe ndi kutsitsa mitima ya ena amene ayamba kale kuwerenga ndalama m'mutu. Si njinga yakale iri yonse imene iri ya mtengo wapatali. Kampani zomwezi za Peugeot ndi Raleigh zinapanga njinga zochipa zambirimbiri za citsulo colemera, ndipo phindu la njinga zotere liri m'kuzipalasa. Zofunidwa ndi zija zopepuka, za mapaipi ochuka monga Reynolds 531 kapena Columbus a ku Italy, zimene zitsulo zake zonse zikali zoyamba. Amene akuuzani kuti mwatola cuma asanaione njinga yanu ndi maso, muceze naye mocenjera.

Zitsulo zina zimanena zokha zaka zao. Pa habu ya magiya atatu ya Sturmey-Archer pamadindidwa caka ndi mwezi, kotero 74 ndi 6 ndiye kuti Juni 1974. Pa cosinthira magiya ca kumbuyo ca Campagnolo ca m'zaka za m'ma 1970 pali mau akuti Patent otsatidwa ndi manambala awiri a caka. Wogulitsa akakuuzani kuti njinga ndi ya mu 1960 pamene habu yake inena 1979, funsani cifukwa cake. Mwina wilo linasinthidwa, mwinanso nkhani yakeyo ndiyo yosinthidwa.

Kwa ogulitsa ndinena kuti chulani cilema ca katundu wanu. Ngati mazinga anadyeka, nenani. Ngati felemu inaocheredwapo kapena kupentedwanso, nenani. Kubisa mng'alu ndi penti ndi kugulitsa ngozi kwa mwana wa mnzanu. Masiku ano ambiri amatsatsa malonda potumiza zithunzi pa lamya, ndipo wogula ali ku Lusaka kapena kunja kwa dziko. Jambulani ndi poipa pomwe, ndipo musatumize katundu pa basi cifukwa ca uthenga wongonena kuti ndalama zatumizidwa. Yambani mwaziona m'lamya mwanu.

Kwa ogula odziwa ndinenanso mau. Kupeza nkhalamba yosadziwa mtengo wa cinthu cake nkuipatsa ndalama ya sopo, pamene inu mudziwa kuti cishalo cokha cibweza ndalamayo kakhumi, ndiko kuba kovala jekete. Pindulani ndithu, pakuti malonda ndi phindu, koma mwini wake atsale ndi gawo loti akadzamva mtengo weniweni asadzakutemberereni. Ndiponso pali cizolowezi coipa cogula njinga yamphumphu nkuiphwasula kuti zitsulo zigulitsidwe cimodzicimodzi, cifukwa motero ndalama zimaculuka. Zitsulo zicotsedwe pa njinga imene felemu yake yafa. Yamoyo isiyidwe yamphumphu.

Njinga zambiri ziri ndi nambala yodindidwa pa felemu, kawirikawiri pansi pa makapu aja, pa cipaipi ca cishalo, kapena pafupi ndi ekiselo ya kumbuyo. Pogulana lembani kalata yokhala ndi nambalayo, maina anu ndi manambala a zitupa zanu, pamaso pa mboni kapena a nyakwawa. Mukaona kuti nambala inafafanizidwa ndi tupa, bwezani ndalama m'thumba, cifukwa wogula cakuba amakagona ku polisi pamodzi ndi wakubayo. Ndipo ngati njinga ndi ya malemu, kumbukirani kuti iri ndi eni ake. Lamulo la 1989 lonena za katundu wa munthu amene wamwalira osasiya wilo liteteza mkazi wamasiye ndi ana. Mwana mmodzi, mphwake wa malemu kapena mbale wina ali yense sayenera kuinyamula mwakacetecete monga anafuna kucitira msuweni wanga.

ZAKUDA ZATHU NAZO

Ena adzati, "Ife tiribe njinga za mpikisano, zathu ndi zakuda za mabuleki a ndodo." Zimenezonso musazipeputse. Humber, Rudge, Phillips, Hercules ndi Raleigh ndizo zinanyamula aphunzitsi, amesenjala ndi alimi a dziko lino, ndipo mnyamata wobwera ku Walale kapena ku Joni atakwera imodzi mwa izi anali kulonjeredwa ndi mudzi wonse. Muzizindikira poyang'ana gudumu la mano limene cheni imayendapo: la Raleigh liri ndi mitu ya mbalame ya khosi lalitali yonga kakowa, la Rudge liri ndi dzanja lotambasula, la Humber liri ndi tianthu togwirana manja. Kampani ya Raleigh inagula Humber m'caka ca 1932 ndi Rudge m'caka ca 1943, ndipo inaleka kupangira njinga ku Nottingham m'caka ca 2002. Cotero imene iri kuseri kwa nkhokwe yanuyo ikapita ku ng'anjo, ina yonga iyo siidzabweranso. Eagle wa pa Chipata pano nayenso tsiku lina adzukulu athu adzafuna kumuona, ndipo kudzakhala kwa manyazi ngati sitidzawasungira ngakhale mmodzi wamphumphu.

Njinga ya amalume inatenga milungu isanu ndi umodzi. Matayala a 622 anacokera ku Lusaka, mawaya ndi mphira za mabuleki tinagula zatsopano, koma zina zonse ndi zomwe zija amalume anali kupukuta. Penti wake woyera akali ndi zipsera zake, ndipo kapepala ka 531 kakalipo. Pamene ndinaibweza kumudzi, msuweni wanga ndiye anayamba kuikwera. Anapita nayo mpaka ku mseu waukulu wa tala nabwerako akuseka ngati mwana, nati sanadziwe kuti njinga ingathe kuthamanga cotero. Amai analowa m'nyumba, natuluka ndi kansanza, namupatsa m'manja osanena kanthu. Banja lagwirizana kuti njingayo siigulitsidwa.

Tsono inu awerengi, mlungu uno kwerani kudenga ndi kuyang'ana kuseri kwa nkhokwe. Mukapeza njinga yakale, pukutani pa mphumi pake muwerenge dzina, lembani nambala ya felemu, ndipo pitani nayo kwa wokonza njinga wacikulire wa kwanuko, uja ali ndi citini ca zitsulo pansi pa benci, musanamve za munthu wa sikelo. Anyamata amene muphunzira nchito ya njinga, khalani pafupi ndi madala amenewa akali moyo, pakuti miyeso iri m'mitu mwao siinalembedwe pa citini. Amene muli ndi njinga zakale zimene mufuna kudziwa mtundu wake, lemberani kalata kwa Mkonzi muchule dzina, zizindikiro ndi manambala ali pa tayala, ndipo tidzayankhana m'danga lomwe lino.

Tsalani bwino, tidzakumananso pa mphala mlungu wamawa.